Zala zakuda bii za mlongo wanga, ndi funso la achemwali a ku Rosettenville

Imelo yanu, achemwali, ndaiwerenga katatu. Koyamba ndinali mu tekisi yochokera ku Randburg, ndipo ndinapitirira potsikira panga osazindikira. Mwati bambo akunyumba ali ku ICU, lero ndi tsiku la 9, madokotala akuti ndi sepsis. Mukufunsa kuti zitheka bwanji munthu mmodzi magazi ake n'kumaundana, kwinaku akuchucha m'nkhama ndi pamene anabaya diripi. Mwafunsanso za zala zakuphazi zimene zayamba kuda, ngati awalakwitsa mankhwala, kapena ndi zija akunena apongozi anu pafoni kuchokera kumudzi.

Ndikuyankhani, koma mundilole ndidzere kwa mlongo wanga, chifukwa funso lomweli ndinalifunsa ine ndili chiimire m'kolido ya chipatala, usiku, manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu.

Kwathu tinabadwa asanu, ine woyamba, iye chitsiriza. Ndinam'bereka kumbuyo ine mwana ameneyu pamene amayi ankapita kudimba. Atakula n'kusowa chochita kumudzi, ndinam'tumizira ya basi, ndipo ndinakam'chingamira ndekha ku Park Station ali ndi kachikwama kamodzi ndi jumbo ya ufa imene amayi anamukakamiza kunyamula. Anapeza ganyu ya zomangamanga, kukandira simenti ndi kukweza njerwa. Anakwatira, n'kupeza kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya anthu ku Turffontein.

Linali Lolemba, mwezi wa June, pamene anaponda msomali pa ntchito. Unaboola nsapato n'kulowa m'phazi lamanzere. Anauzula yekha, madzulo anatsuka ndi madzi amchere, anamanga kansalu, m'mawa n'kupita kuntchito. Inu mukudziwa mmene ganyu ya kuno ilili, tsiku limene sunapite ndi tsiku limene sunadye, ndipo pageti pali anyamata khumi odikira malo ako. Lachitatu phazi linatupa, anayamba kunjenjemera. Mlamu wanga anathamangira ku spaza kukagula Grand-Pa, anam'funditsa mabulangete awiri. June wa ku Joni aliyense amanjenjemera, ndiye palibe anadabwa.

Lachinayi madzulo ndinam'imbira. Anati, "Achemwali musadandaule, ndi kamalungo chabe." Apa ndi pamene pamandipweteka mpaka lero. Ine ndinaphunzira unamwino kwathu, ndinagwira ntchito m'wodi zaka zisanu ndi chimodzi ndisanabwere kuno kudzasamalira agogo a eni ake. Ndinkadziwa kuti ku Johannesburg malungo safala, odwala malungo kuno amakhala atabwera nawo kuchokera kumudzi, ku Mozambique kapena kumalire a Limpopo, ndipo mlongo wanga anali asanatuluke mu Gauteng zaka ziwiri. Ndinkadziwanso za msomali uja. Koma ndinali nditatopa, agogo amene ndimawasamalira anali asanagone masiku awiri, ndipo ndinangoti, "Imwa madzi ambiri, tione kaye mawa." Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Mawu atatu amenewo, tione kaye mawa, ndimawamva m'makutu nthawi zonse ndikamuona akuvala nsapato.

Lachisanu cha m'ma 9 usiku mlamu wanga anaimba akulira. "Alamu, bwerani, sakuyankhula zomveka. Akuitana amayi." Amayi athu anatisiya chaka chimene iye anabwera kuno. Ndinafunsa kuti wakodza liti, mlamu anaganiza kaye n'kuti, "Chiyambire m'mawa sindinamuone."

Nditalowa m'kachipindako ndinamva fungo la palafini ndi la bala. Anali akupuma mothamanga ngati wakwera phiri. Pachifuwa panali potentha kwambiri, koma manja anali ozizira ngati botolo lochokera mufiriji. Ndinagwira chala chake chapakati, ndinadinikiza chikhadabo mpaka chinayera, n'kusiya. Kwa munthu wabwinobwino kufiira kumabwerera usanawerenge mpaka 3. Ine ndinawerenga 4, 5, 6, chikhadabo chili mbuu. Ndinayatsa tochi ya foni n'kuunika mawondo ake, ndipo ngakhale khungu lathu ndi lakuda, ndinaona mawangamawanga, pena poderapo pena potuwa, ngati nsalu yosasuluka bwino. Mtima unagwa. Ndinadziwa kuti timitsempha take tayamba kutseka, ndipo tachedwa.

Tinapeza galimoto ya neba. Chipatalacho sinditchula, ndipo ndinene poyera kuti anatilandira msanga. Anam'baya madiripi awiri, anatenga magazi, anam'patsa ma antibayotiki ola lisanathe, m'bandakucha anapita naye ku theatre kukatsegula phazi ndi kuchotsa mafinya ndi mnofu wowola. BP inakana kukwera, ndiye anam'lumikiza ku kamakina kopopa mankhwala otchedwa noradrenaline. Tsiku lachiwiri ndinaona timadontho tofiirira m'zikhatho ndi kuseri kwa chikope. Pamene panalowa diripi pakhosi, thonje linkanyowa magazi, akasintha, linyowanso. Tsiku lachinayi nsonga za zala zakuphazi zinayamba kuoneka ngati biringanya. Mapazi onse awiri, achemwali. Msomali unalowa kumanzere kokha, koma zala zinada mbali zonse. Musunge mfundo imeneyi, ndibwereranso.

Dokotala wina wachitsikana, wotopa ngati ife tomwe, ndi amene anandikhazika pansi n'kujambula kuseri kwa pepala la zotsatira. Zimene ndinaphunzira kusukulu ndinazimvetsa bwino usiku umenewo, ndipo chichokereni ndakhala ndikuwerenga za matendawa ngati munthu wofuna kubweza ngongole.

Tikamati mitsempha ya magazi, ambiri timaganiza za ija imaoneka pamkono, imene anamwino amaisaka pobaya. Imeneyo ndi mtsinje chabe. Amene munakulira kudimba mukudziwa kuti kabichi samwa mumtsinje, amamwa m'kangalande kamene kafika pa tsinde lake. Thupi nalo lili ndi tingalande take, achipatala amati ma capillary. M'mimba mwake ndi ma micrometre 5 mpaka 10, tsitsi limodzi la m'mutu limaposa pamenepo kangapo. Maselo ofiira a magazi amadutsamo pamzere, limodzilimodzi, ndipo ena amachita kudzipinda kuti akwane. Mmenemo ndi mmene okosijeni amatsikira kupita ku impso, ku ubongo, ku chala. Mtsinje ukhoza kudzaza, koma tingalande tikatsekeka, dimba liuma basi.

Mkati mwa timitsemphati munayalidwa maselo opyapyala otchedwa endothelium, ndipo pamwamba pake pali kautoto koterera ngati therere, dzina lake glycocalyx. Kuterera kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti magazi azingodutsa osamata, komanso kuti madzi a m'magazi asamathawire kunja.

Nanga sepsis ndi chiyani? Anthu amati ndi poizoni wa m'magazi, ena amati tizilombo talowa m'magazi. Pali choonadi pang'ono, koma chachikulu sichimenecho. Mu 2016 akatswiri anagwirizana kuti sepsis ndi pamene thupi, polimbana ndi tizilombo, lapyola muyeso mpaka kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Ine ndimaiona ngati ana osaka mbewa mwezi wa September. Ayatsa moto pa kathengo kamodzi, cholinga chili chabwino, koma mphepo yautembenuza, ndipo pofika madzulo nkhokwe za mudzi wonse zapsa. Tizilombo tinali m'phazi la mlongo wanga, koma moto unafika ku impso, ku mapapo ndi ku ubongo. Gwero likhoza kukhala bala, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, m'mimba, kapena chiberekero mayi akangobereka kumene.

Moto umenewu ukafika m'timitsempha, therere lija limasupuka. Makoma amayamba kudontha ngati ndowa yakale, madzi a m'magazi n'kumathawira mumnofu. N'chifukwa chake bambo akunyumba mwina mukuwaona otupa nkhope ndi manja, pamene madokotala akuti m'mitsempha madzi achepa. Zonse ziwiri n'zoona. Nthawi yomweyo mitsempha imalefuka n'kutanuka, BP n'kugwa. Maselo ofiira aja nawo amauma gwa, sathanso kudzipinda. Maselo oyera amakakamira m'makoma. Kangalande kena magazi aima, koyandikana nako akuthamanga mopitirira osasiya okosijeni. Mu 2002 madokotala a ku Brussels, motsogozedwa ndi Daniel De Backer, anaika kamera yaing'ono pansi pa lilime la odwala sepsis n'kuona zimenezi ndi maso. Timitsempha tambiri tinali titaima, ndipo kwa amene pambuyo pake anamwalira zinali zoipa kwambiri. Chimene chinandidzidzimutsa n'choti izi zimatha kupitirira ngakhale nambala ya BP pa makina itakonzeka. Ndiye mukaona nambala yabwino pa sikirini koma madokotala sakumwetulira, musawaganizire zoipa.

Tsopano kuundana. Mukadzicheka ndi mpeni, magazi amakumana ndi chinthu chotchedwa tissue factor chimene chimakhala kunja kwa mtsempha. Kukumana kumeneko ndi belu. Timaselo tating'ono totchedwa ma platelet timathamangira pabala n'kumatana, kenako ulusi wotchedwa fibrin umalukana pamwamba pake ngati ukonde, ndiye nkhanambo ija. Thupi limagwiritsanso ntchito ukonde womwewu kutsekera tizilombo pamalo amodzi kuti tisafalikire. Mu 2004 asayansi a ku Berlin anaonetsa kuti maselo ena oyera, ma neutrophil, amachita kulavula ulusi wa DNA yawo kuti akole mabakiteriya, ndipo ulusi umenewo nawo umakoka ma platelet. Zonsezi n'zabwino zikachitika pamalo amodzi.

Pa sepsis belu lija limalira paliponse. Maselo oyera oyenda m'magazi amayamba kunyamula tissue factor pamsana, ndiye magazi amaona ngati thupi lonse lachekedwa. Thupi lili ndi mabuleki ake oletsa kuundana, awiri akuluakulu ndi antithrombin ndi protein C, onse opangidwa m'chiwindi. Pa sepsis mabulekiwa amatha msanga, ena amadonthera kunja kudzera m'makoma oboka aja, ndipo chiwindi chodwala sichikwanitsa kubwezeretsa. Palinso njira imene thupi limasungunulira magazi oundana ntchito ikatha, nayo imatsekedwa ndi chinthu chotchedwa PAI-1 chimene chimachuluka kwambiri. Mapeto ake timibulu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso timadzaza m'timitsempha ta impso, ta mapapo, ta khungu.

Mlongo wanga, atatsitsimuka n'kumva zonsezi, anazifotokoza bwino kundiposa, m'chiyankhulo cha ntchito yake. Anati zili ngati kapitawo wapenga, walamula kuti simenti yonse ya pa saiti imatidwe m'mapaipi a madzi ndi m'mawindo, malo osafunika. Madzi asiya kuyenda m'nyumba. Ndiye tsiku limene khoma lenileni lang'ambika, mupita ku sitolo ya zipangizo mupeza mulibe ngakhale thumba limodzi. Yankho la funso lanu loyamba ndi limeneli, achemwali. Magazi akutuluka m'nkhama chifukwa zomatira zonse zathera m'timitsempha. Achipatala amati DIC. Munthu wabwinobwino ma platelet ake amakhala pakati pa 150 ndi 400 pa pepala la zotsatira. A mlongo wanga anatsika kufika pa 31. Ndipo ngakhale magazi otuluka ndi amene amatiopsa ife oyang'ana, kwa odwala sepsis ambiri chimene chimawononga ziwalo ndi kutsekeka kuja, kumene sitikuona.

Apa ndiyenera kunena zimene zakhala kukhosi kwanga, ndipo ena zikupwetekani.

Zala za mlongo wanga zitayamba kuda, foni yanga sinapume. Amalume kumudzi anati anam'tchera, msomali uja sunali msomali wamba, pali wina pa ntchito amene ankam'chitira nsanje. Anafuna titumize ndalama akaombeze. Abale ena kuno anati ndi anamwino, am'baya mankhwala olakwika chifukwa ndi mlendo. Mayi wina wa kutchalitchi anabwera ndi kabotolo ka mafuta kuti tizim'paka mobisa. Ine sindikunyoza pemphero, ndinapemphera m'kolido muja mpaka mawondo anachita dzanzi. Koma ndikukana, ndipo ndidzakana mpaka kale, kuti tizisaka mfiti pamene tikudziwa kuti munthu anagona m'nyumba masiku anayi ndi phazi lowola ife tikumuyang'ana. Nyanga yotchera phazi lamanzere ikadetsa bwanji zala za phazi lamanja? Zala zimada mbali zonse chifukwa BP ikagwa thupi limasankha. Limafinya mitsempha ya kumapeto, kuzala, kumphuno, kumakutu, kuti magazi otsalawo apite ku mtima ndi ku ubongo. Kumapeto kumeneko n'kumene timibulu tija tatseka kale. Palibe mdani pamenepa.

Za mankhwala ndinene zoona zonse, chifukwa mukadzamva kwina mudzati ndinakubisirani. Noradrenaline amagwira ntchito pofinya mitsempha kuti BP ikwere, madokotala amafuna nambala ya BP yapakati yotchedwa MAP ifike pa 65. Kufinya kumeneko kukhoza kuwonjezera vuto la kuzala, makamaka mlingo ukakhala waukulu masiku ambiri. Madokotala amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatsitsa mlingo akangopeza mpata. Koma akanapanda kum'patsa, mlongo wanga sakanafika Lamlungu. Tikanatumiza bokosi kumudzi zala zonse khumi zili zathunthu. Ine ndinasankha mlongo wopanda zala zitatu, ndipo ndikanasankhanso chimodzimodzi lero.

Pa nkhani ya bokosi pomwepa. A Malawi a ku Joni tili ndi mtima wabwino pa maliro, zimenezo palibe angatsutse. Uthenga ukangolowa pa gulu la WhatsApp kuti mnzathu watisiya, pofika Lachisanu ma rand zikwizikwi asonkhedwa, galimoto yapezeka, thupi likudutsa pa Beitbridge ulendo wa ku Mwanza. Koma munthu yemweyo akadalemba Lachitatu kuti ndikunjenjemera, ndilibe ya tekisi yopitira ku kiliniki, ndi angati akanayankha? Timasonkhera wakufa, wamoyo timamuuza kuti alimbe mtima. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, ndipo pa gulu lathu la kumpingo ndinalimbana mpaka tinatsegula kathumba ka odwala pambali pa ka maliro.

Ndikudziwa chimene chimatigoneka m'nyumba. Ndi mapepala. Mlongo wanga anandiululira pambuyo pake kuti Lachitatu lija anaganiza zopita ku kiliniki, koma pasipoti yake masiku anali atatha, ndipo anali atamva za anthu amene amaima pageti kufunsa ma ID. Mantha amenewo si opeka, ine ndinabwezedwapo pageti la kiliniki ina ndi anthu amene sanali ngakhale ogwira ntchito pamenepo, ndinabwerera misozi ili m'maso. Koma mverani, Constitution ya South Africa, gawo 27, ndime 3, imanena kuti munthu aliyense asakanizidwe thandizo la chipatala la mwadzidzidzi. Imati aliyense, siinati nzika zokha. Munthu amene akubalalika mutu, akupuma mothamanga, sakukodza, ameneyo ndi wa mwadzidzidzi. Pitani naye ku casualty, osati pamzere wa kiliniki. Ambulansi ndi 10177, pafoni ya m'manja 112 imalowanso. Bilu mudzakambirana ali moyo.

Ndipo tisamaone ngati ndi matenda a azungu chifukwa dzina lake ndi lachilendo. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2020 anawerengera kuti m'chaka cha 2017 anthu 48.9 miliyoni anadwala sepsis padziko lonse, ndipo 11 miliyoni anamwalira. Ndiye kuti pa maliro asanu alionse, amodzi. Dera la Africa la kumwera kwa Sahara lili m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kwathu timangoti anadwala malungo aakulu, kapena anatsegula m'mimba masiku awiri n'kupita, kapena anabereka bwinobwino koma sabata isanathe anatisiya. Ambiri mwa amenewo ndi sepsis. Ku Queens ku Blantyre ofufuza akhala akupeza kwa zaka zambiri kuti Salmonella ndi TB zimalowa m'magazi a anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. N'chifukwa chake ndimakalipira abale amene amafika kuno n'kusiya ma ARV poopa kukalembetsa. Odwala shuga nawonso, kabala kakang'ono kakuphazi musamakaseweretse.

Za diripi

Kwathu timakhulupirira diripi kuposa mankhwala ena alionse. Wodwala akapanda kuikidwa diripi timati sanathandizidwe. Mlamu wanga ankakangana ndi anamwino kuti bwanji achepetsa madzi pamene munthu sakukodza. Madzi amafunikadi poyamba, koma kumbukirani ndowa yodontha ija. Mukathira mopitirira, madziwo amakathera m'mapapo. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa FEAST, wa ana oposa 3,000 odwala kwambiri ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anadabwitsa dziko lonse: ana amene anapatsidwa madzi ambiri mofulumira anamwalira ochuluka kuposa amene sanapatsidwe motero. Mu 2017 zotsatira za ku Lusaka, kwa akuluakulu, zinaloza komweko. Ndiye akachepetsa diripi sikuti atopa naye wodwala wanu.

Mwina mufunsanso ngati ine, kuti bwanji osangom'patsa mankhwala osungunula magazi. Anayesa. Mu 2001 ku America anavomereza mankhwala otchedwa Xigris, amene anali protein C yemwe uja wopangidwa mufakitale, okwera mtengo kwambiri. Mu 2011 anawachotsa pamsika kafukufuku wina wamkulu ataonetsa kuti sakupulumutsa anthu. Heparin wochepa, mankhwala oletsa magazi kuundana, amaperekedwa kwa odwala ambiri a ku ICU poteteza mibulu ikuluikulu ya m'miyendo, koma ma platelet akatsika kwambiri kapena munthu akamachucha, amayamba aimitsa. Akamataya magazi ambiri amamuwonjezera ma platelet kapena plasma, gawo lamadzi la magazi. Koma chimene chimathetsa DIC ndi kuzimitsa moto kumene unayambira: ma antibayotiki oyenera, ndi kuchotsa gwero, kaya ndi mafinya, kaya ndi paipi imene yagwira tizilombo.

Ndinatsala pang'ono kuiwala za Grand-Pa uja. Muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Pa mutu wamba amathandiza, koma aspirin amafooketsa ma platelet kwa masiku angapo, ndipo kutsitsa kutentha kwa thupi kumatinamiza kuti munthu akupeza bwino. Ngati bambo akunyumba anamwa chilichonse asanapite kuchipatala, cha ku spaza kapena cha azitsamba, auzeni madokotala, musachite manyazi.

Zala za bambo akunyumba

Zina zimabwerera, zina ayi. Pamene pangoderapo, pofewa, pakhoza kutsitsimuka BP ikakhazikika ndi noradrenaline akatsika. Pamene pada bii n'kuuma ngati khala, pamenepo pafa. Ngati palibe mafinya kapena fungo, madokotala kawirikawiri sathamangira kudula, amadikira masabata kuti malire a pakufa ndi pamoyo aoneke okha, kuti adzachotse pang'ono. Musasisite, musaikepo botolo la madzi otentha, musapake chilichonse. Khungu limenelo silikumva, lipsa inu osadziwa.

Mukapita mawa, tengani kakope, mufunse zinthu izi tsiku lililonse n'kulemba: ma platelet ali pa ngati, lactate ali pa ngati, mkodzo watuluka wochuluka bwanji, noradrenaline akukwera kapena akutsika, ndipo gwero la tizilombo analipeza n'kulichotsa kapena ayi. Lactate amakwera thupi likamavutika, chimodzi mwa zifukwa chake ndi kuchepa kwa okosijeni m'maselo, ndipo amafuna atsike pansi pa 2. Nambala ya tsiku limodzi isakusokonezeni, yang'anani kumene zikulowera pa masiku atatu. Chingerezi chikavuta pemphani namwino abwereze pang'onopang'ono, ndi ufulu wanu.

Ine kakope kanga ndikali nako. Tsamba la tsiku la 7 ndinalemba ma platelet 44, la tsiku la 8 ndinalemba 70, ndipo pansi pake pali podetsedwa pamene inki inasungunuka, chifukwa ndi tsiku limene thumba la mkodzo linayamba kudzaza, ine n'kulira ngati mwana pamaso pa anthu. Mlongo wanga anakhala m'chipatala masabata asanu ndi limodzi. Anataya zala ziwiri kuphazi lamanzere, chimodzi kuphazi lamanja, ndi kansonga ka chala chaching'ono cha dzanja. Atatuluka anali wofooka miyezi yambiri, ankaiwalaiwala, usiku ankadzidzimuka thukuta lili kamukamu, ndipo zimenezi zimachitikira ambiri opulumuka ku sepsis, mudzakhale okonzeka. Pa sikafodi sangakwerenso. Panopa amalondera pageti la ma flat ena ku Randburg, ndipo mlamu wanga amam'dulira siponji n'kuika kunsonga kwa nsapato kuti isamagwedere.

Ndinamuuza za imelo yanu, osatchula dzina. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndikuuzeni kuti bambo akunyumba akumva mukamawayankhula, chifukwa iye amakumbuka mawu a mlamu wanga akumuuza zoti mwana wayamba kukwawa, ngakhale china chilichonse cha masiku amenewo sachikumbuka. Lamlungu ndimaweruka 12 koloko. Ngati mukufuna, ndilembereni nthawi yoonera odwala, ndidzakupezani pageti tikalowe limodzi ndi kakope kanu.